Opaleshoni yaing'ono ya mkonono: phokoso litha, nanga mpweya?

Mwezi wa June tinagona pamaliro ku Chinamwali. Kuzizira kwa Zomba nyengo imeneyo mukukudziwa, mphepo yotsika m'phiri imalowa mpaka m'mafupa, ndiye azibambo tinaunjikana pamoto, wina pabenchi, wina pachiguduli. Cha m'ma 2 koloko amayi m'nyumba atatopa ndi nyimbo, kunangotsala mkonono wa achimwene anga aakulu. Anyamata ankakodolana. "Minibasi yalizidwa," anatero mmodzi, poti achimwenewo ndi dalaivala wa minibasi ya pakati pa Zomba ndi Limbe.

Ine ndinali nawo pafupi kwambiri. Mkonono unkakwera, kukwera, kenako zii. Chifuwa chikukoka, mimba ikudukula, koma mpweya osalowa. Ndinawerenga chamumtima mpaka 20. Kenako anadzidzimuka ngati munthu wovuuka m'madzi, n'kukoka mpweya mwamphamvu, kutafuna pang'ono, n'kuyambiranso mkonono uja. Zinachitika choncho mpaka tambala, ndipo ine tulo tinandithawa.

Kutacha ndinawakokera pambali alamu. "Alamu, zimenezo n'za usiku uliwonse," anandiuza. "Ndimachita kuwagwedeza achimwene anuwa kuti apume. M'mawa amadzuka mutu ukuwawawa, kukamwa kouma, ndipo akangokhala pampando masana ayamba kusinza." Anandionetsanso kabuku kawo ka kuchipatala. Mankhwala a BP akumwa mitundu itatu, koma BP yake sitsika.

Patapita milungu ingapo achimwene ananditumizira kavidiyo pa WhatsApp. Chipatala china chakunja chinkalonjeza kuthetsa mkonono pa mphindi 20 zokha, munthu osagonekedwa, osadulidwa. "Iwe umawerengawerenga, tandiuze ngati n'zoona," analemba choncho. Njira zimenezo zilipodi, ndipo madokotala odalirika amazigwiritsa ntchito. Chimene kavidiyoko sikananene n'chakuti kuthetsa mkonono ndi kuthetsa kubanika kutulo ndi ntchito ziwiri zosiyana, ndipo munthu akhoza kupeza yoyambayo yachiwiri ikadalipo.

Tiyambe ndi khosi lenilenilo. Kuchokera kuseri kwa mphuno kutsika mpaka pakholingo, njira ya mpweya ilibe fupa loigwira. Ili ngati chubu cha njinga, imakhala yotseguka chifukwa minofu yoizungulira ikuikoka. Tikagona minofu imalefuka. Kwa anthu ambiri njirayo imangochepa pang'ono, basi. Kwa ena imapanikizika moti mpweya podutsa umakupiza mbali yofewa ya denga la m'kamwa pamodzi ndi kanyama kolendewera kaja timakaona tikayasamula pagalasi, monga mphepo imakupizira chitenje chili pachingwe. Kukupizako ndiye mkonono. Koma njirayo ikafika pomatana, monga chimachitira chubu chopanda mpweya ukachiyamwa ndi pakamwa, munthu amasiya kupuma ngakhale chifuwa chikulimbana. Matendawa kuchipatala amawatchula kuti obstructive sleep apnea.

Madokotala amawerenga ngati kupuma kwaima, kapena kwachepa kwambiri, kwa masekondi 10 kapena kuposa. Akaphatikiza maulendo onse n'kugawa ndi maola amene munthu wagona, amapeza nambala yotchedwa AHI. Kuyambira 5 mpaka 14 pa ola ndi matenda ocheperako, 15 mpaka 29 ndi apakatikati, 30 kupita m'tsogolo ndi aakulu. Tangoganizani munthu wa 30 pa ola amene wagona maola 7: wabanika ka 210 usiku umodzi. Ulendo uliwonse okosijeni m'magazi amatsika, ubongo umamudzutsa pang'ono iye osadziwa, mtima umathamanga, BP imakwera. Zikamachitika chaka ndi chaka zimabala BP yosamva mankhwala, kusokonekera kwa kagundidwe ka mtima ndi sitiroko, komanso zimayendera limodzi ndi matenda a shuga. Kwa munthu wogwira chiwongolero, tulo ta masana timeneto ndi ngozi kwa iye ndi onse amene wanyamula, ndipo apa m'pamene mtima wanga unakhala m'mwamba ndikaganiza za msewu wa Thondwe ndi Namadzi umene achimwene amadutsa kangapo patsiku.

Si matenda a azungu okha ayi. Kafukufuku amene anatuluka m'magazini ya Lancet Respiratory Medicine mu 2019 anayerekeza kuti anthu pafupifupi 936 miliyoni a zaka 30 mpaka 69 padziko lonse ali nawo, ndipo 425 miliyoni mwa iwo ali pa mlingo wapakatikati kapena waukulu. Kuno kwathu kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 ali ndi BP yokwera. Ine ndimakhulupirira kuti pamzere wa odwala BP pamakhala anthu amene akanathandizika wina akanangowafunsa mmene amagonera, kapena kufunsa amene amagona nawo.

Chithandizo choyamba pa matendawa si mpeni. Ndi makina a CPAP, amene Colin Sullivan wa ku Sydney, Australia, anawafotokoza koyamba mu 1981. Amapopera mpweya pang'onopang'ono kudzera m'masiki ya pamphuno, ndipo mpweyawo umatukula khosi kuti lisamatane. Anamwino athu dzinali salidabwa, chifukwa makina a Pumani othandiza makanda obadwa masiku osakwana, amene anayesedwa ku Queens mothandizana ndi Rice University, amagwira ntchito pa nzeru yomweyo. CPAP ikavalidwa usiku wonse imagwira bwino kuposa opaleshoni iliyonse yaing'ono. Vuto ndi kuivala. Ena masiki imawasowetsa mtendere, ena mphuno imauma, ambiri amaisiya pakapita miyezi. Kuno onjezanipo mtengo wake ndi magetsi ozimazima, ndipo mumvetsa chifukwa chake munthu amalakalaka chinthu chochitidwa kamodzi n'kuiwala.

Opaleshoni yakale, imene Shiro Fujita anaifalitsa ku Detroit mu 1981 ndipo imadziwika ndi zilembo za UPPP, imadula kanyama kolendewera kaja, mbali ina ya denga lofewa ndi ma tonsils, timinofu tiwiri tokhala m'mbali mwa khosi kuseri kwa kamwa. Imapweteka kwa milungu iwiri kapena kuposa, ena amatsala akumwa madzi n'kumatulukira m'mphuno, ndipo atawerengera odwala ambiri anapeza kuti inkathandiza mokwanira anthu pafupifupi 4 mwa 10 alionse. Zimenezi n'zimene zinachititsa madokotala kufunafuna njira zosadula kwambiri.

Njira zambiri zazing'onozi zagona pa chinthu chimodzi chimene tonse timachidziwa: chipsera chimalimba kuposa khungu labwinobwino. Amene anapsapo ndi phala ali mwana akhudze pamalopo, amva. Ndiye dokotala amapanga dala chipsera chaching'ono mkati mwa denga lofewa kuti lileke kukupiza.

Yoyamba ndi ya radiofrequency, imene Nelson Powell ndi Robert Riley a ku Stanford anaiyambitsa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Munthu amakhala pampando ali maso. Amamupopera ndi kumubaya mankhwala ochititsa dzanzi m'kamwa, kenako amalowetsa kasingano pansi pa khungu la denga lofewa. Kasinganoko kamatenthetsa mnofu wa mkati pa madigiri apakati pa 60 ndi 90, pamwamba osapsa. Masiku oyamba pamatupa, moti mkonono ukhoza kukula kaye, ndipo mabanja ena amakhumudwa msanga poganiza kuti ndalama zapita pachabe. Pakatha milungu 6 mpaka 8 mnofu wotenthedwawo umanyala n'kuuma, denga limalimba. Nthawi zambiri pamafunika kubwereza kawiri kapena katatu. Kasingano komweko amakagwiritsanso ntchito patsinde pa lilime ndi pa timinofu ta m'mphuno totupa. Ululu wake ndi wochepa, munthu mawa lake amapita kuntchito. Koma chipsera chimafewa m'kupita kwa zaka, ndipo mkonono umabwerera kwa ambiri, makamaka amene anenepa.

Ya mphindi 20 ija ya m'kavidiyo ndi ya tizingwe totchedwa Pillar. Ndi tizidutswa titatu ta ulusi wolukidwa wa polyester, kalikonse kotalika mamilimita 18, kosafika theka la kamtengo ka machesi. Amatilowetsa motsatana m'denga lofewa ndi chida chonga jakisoni wamkulu, ndipo thupi limatikulunga ndi chipsera. Bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ndi zipangizo zachipatala ku America, linativomereza pa mkonono mu 2002, ndipo pa kubanika kocheperako ndi kwapakatikati mu 2004. Nthawi zina kamodzi kamasolola mutu m'kamwa n'kufunika kukachotsa. Kwa munthu wosanenepa, wa ma tonsils aang'ono, amene vuto lake ndi phokoso, timathandizadi, ndipo mkazi wake amagona. Pa nambala ya AHI timasinthako pang'ono chabe. Palinso njira yobaya m'dengamo mankhwala oumitsa mnofu, a mtundu umene amabaya pa mitsempha yotupa ya m'miyendo; ndi yotsika mtengo, ndipo malire ake ndi omwewo.

Za laser ndinene mosabisa, chifukwa dzinali limakopa anthu. Dokotala wa ku France, Yves-Victor Kamami, anayamba kusema denga lofewa ndi laser, kuwala kwamphamvu kodula mnofu, cha m'ma 1990, ndipo njirayi inafala msanga. Pambuyo pake zinaoneka kuti imapweteka kwambiri kuposa radiofrequency, ndipo kwa ena chipsera chake chimakoka khosi n'kulichepetsa, kubanika n'kuwonjezeka. Bungwe la American Academy of Sleep Medicine linalangiza kuti isamachitidwe mwachizolowezi pa odwala matendawa. Wina akakutsatsani laser ngati chinthu chatsopano, dziwani kuti ndi chakale chimene akatswiri ambiri anachibwerera m'mbuyo.

Apa ndiye pagona nkhani yonse. Achimwene amawadziwa madalaivala amene nyali yofiira ya oilo ikayaka pa dashibodi amaimata tepi kuti isawasokoneze, injini n'kumapitiriza kudyeka. Mkonono ndi nyali imeneyo. Mukalimbitsa denga la m'kamwa phokoso limatha, alamu amasiya kugwedeza munthu usiku, banja limati wachira, pomwe kuseri kwa lilime kukutsekekabe ka 30 pa ola mwakachetechete. N'chifukwa chake dokotala wosamala sangakhudze khosi la munthu woliza mkonono asanamuyeze kutulo. Kuyezako sikoopsa: kachipangizo ka pachala koyeza okosijeni, kaja tinakazolowera nthawi ya Covid-19, lamba wa pachifuwa, ndi kachubu ka pamphuno, usiku umodzi. Ndipo akatha opaleshoni ayenera kuyezanso pakapita miyezi ingapo.

Chenjeraninso ndi mawu akuti opaleshoni yatheka. M'mabuku ambiri a madokotala amati yatheka ngati AHI yatsika ndi theka n'kufika pansi pa 20. Ndiye kuti munthu wochoka pa 40 kufika pa 19 amalowa m'gulu la opambana, chonsecho akadali ndi matenda apakatikati.

Funso lina ndi lakuti khosilo likutsekeka pati, poti si onse amatsekeka malo amodzi. Mu 1991 madokotala awiri a ku London, Croft ndi Pringle, anayambitsa njira yogoneka wodwala ndi mankhwala kwa mphindi zochepa n'kulowetsa kamera yopyapyala m'mphuno, kuti aone ndi maso pamene pakugwa: padenga lofewa, m'mbali mwa khosi, patsinde pa lilime, kapena pa kachivundikiro ka kholingo. Ambiri amagwa malo awiri kapena atatu. Kulimbitsa denga pomwe chogwa ndi lilime kuli ngati kufolera khitchini pomwe ikudontha ndi nyumba yogona. Ngakhale popanda kamera, kungoyasamula kumanena zambiri. Michael Friedman wa ku Chicago anaonetsa mu 2002 kuti mwa odwala a ma tonsils aakulu ndi lilime losatchinga, opaleshoni ya denga ndi ma tonsils inathandiza pafupifupi 80 mwa 100, pomwe mwa a ma tonsils aang'ono ndi lilime lalikulu inathandiza 8 okha mwa 100. Opaleshoni imodzimodziyo, anthu osiyana.

Pakati pa zazing'ono zenizeni ndi UPPP yakale pabwera njira yosoka m'malo modula. Claudio Vicini ndi anzake ku Forlì, Italy, anafalitsa cha mu 2015 kasokedwe kogwiritsa ulusi wokhala ndi timinga, umene umakola mnofu wokha popanda mfundo. Amachotsa ma tonsils, n'kukokera minofu ya m'mbali mwa khosi kunja ndi kutsogolo, monga amakungira hema. Iyi imafuna kugonekedwa ku fiyeta ndipo imapweteka ndithu, koma imasiya minofu yambiri ili yamoyo, ndipo kwa odwala osankhidwa bwino imatsitsa AHI kwenikweni. Za mphuno ndingodutsa: kuwongola khoma la pakati pa mphuno kapena kuchepetsa timinofu totupa kawirikawiri sikuchiza kubanika, koma kumathandiza munthu kupirira CPAP, ndipo phindu limenelo si lochepa.

Njira imene yasintha zinthu kwambiri m'zaka zaposachedwa siidula mkati mwa khosi n'komwe. Lilime limayendetsedwa ndi mtsempha wa uthenga wochokera ku ubongo umene umadutsa pansi pa nsagwada. Madokotala amaika kabatire pansi pa khungu la pachifuwa, konga kaja amaikira odwala mtima, ndi kawaya kokafika pa mtsempha umenewu. Munthu akamakoka mpweya, kachipangizoko kamatumiza mphamvu pang'ono, lilime limasunthira kutsogolo, njira imatseguka. Pogona amakayatsa ndi rimoti, podzuka amakazimitsa. Kodziwika kwambiri ndi ka Inspire, kamene FDA inakavomereza mu 2014. Pa kafukufuku wa anthu 126 amene anatuluka chaka chomwecho mu New England Journal of Medicine, AHI ya munthu wapakati inatsika kuchoka pa 29.3 kufika pa 9.0 patatha miyezi 12, ndipo awiri mwa atatu alionse anathandizika mokwanira. Koma onani amene analoledwa kulowa: olephera CPAP okha, a BMI (nambala yoyerekeza kulemera ndi msinkhu) yosapitirira 32, kutanthauza kuti munthu wamtali mamita 1.7 asapose makilogalamu 92, komanso amene kamera ija yaonetsa kuti denga lawo silitsekeka mozungulira mbali zonse. Batire limafuna kusinthidwa pakatha zaka pafupifupi 11, pamafunika katswiri wokachuna nthawi ndi nthawi, ndipo mtengo wake ndi madola masauzande makumi angapo. Kwa dalaivala wa minibasi wa ku Chinamwali ndi nkhani yongomva.

Chimene chili pafupi ndi ife, ndipo chimandiwawa kuti sitichilabadira, ndi ana. Mwana woliza mkonono usiku uliwonse, wogona kukamwa kuli yasa, khosi atalipindira kumbuyo, wotuluka thukuta, wokodza pamphasa atakula kale, wosakhazikika m'kalasi, nthawi zambiri amakhala ndi ma tonsils aakulu pamodzi ndi mnofu wa kuseri kwa mphuno wotchedwa adenoids. Timamukalipira kuti ndi waulesi kapena wopulupudza, chonsecho mwanayo sagona. Kwa ana, kuchotsa ziwirizi ndiye chithandizo choyamba. Kafukufuku wa ku America wa mu 2013, wa ana 464 a zaka 5 mpaka 9, anapeza kuti patatha miyezi 7 kupuma kunabwerera mwakale mwa ana 79 pa 100 alionse ochitidwa opaleshoni, poyerekeza ndi 46 mwa amene anangodikira. Nambala yachiwiriyo ikutiuzanso kuti ena ocheperako amachira okha, ndiye kusankha n'kwa dokotala amene wamuona mwanayo. Makolo adziwe kuti bala la ma tonsils likhoza kutaya magazi pakati pa tsiku la 5 ndi la 10, nkhanambo ikamachoka. Ngati kwanu ndi ku Jali kapena ku Mayaka, konzekeranitu za mayendedwe a usiku, kapena mukhale kaye kwa achibale m'tauni masiku amenewo.

Opaleshoni ya makutu, mphuno ndi khosi m'dziko muno ili ndi akatswiri ochepa. Kwa zaka zingapo Pulofesa Wakisa Mulwafu wa ku Queens anali yekha dziko lonse, ndipo ndi amene analimbikira zophunzitsa ma clinical officer a ntchitoyi kuti afike m'zipatala zina. Kwa ife a Zomba njira ndi yomwe ija: kuyamba pachipatala chaching'ono, kukafika ku Zomba Central, ndipo akaona kuti m'pofunika amalemba kalata yopita kwa akatswiri ku Blantyre.

Podikira zonsezo pali zimene zimatsitsa nambala ija popanda singano. Kafukufuku wa ku Wisconsin wa mu 2000 anapeza kuti kulemera kukakwera ndi 10 pa 100, AHI imakwera ndi pafupifupi 32 pa 100, ndipo kukatsika ndi 10 pa 100, AHI imatsika ndi pafupifupi 26 pa 100. Mafuta amaunjikana m'khosi ndi m'lilime momwe, ndipo n'chifukwa chake opaleshoni yabwino imafafanizika munthu akanenepanso. Mowa wa madzulo, kaya ndi wa m'botolo kaya kachasu, umalefula minofu ya khosi, chimodzimodzi mapiritsi ogonetsa monga diazepam. Kugona chagada kumagwetsera lilime kumbuyo, moti ena amasokerera kampira kumsana kwa malaya ogonera kuti azigona chammbali. Madokotala a mano amapanganso kachipangizo kovala usiku kokankhira nsagwada ya m'munsi kutsogolo, ndipo pa matenda ocheperako ndi apakatikati kamachita bwino kuposa tizingwe tija. Chinanso chofunika: woliza mkonono wobanika akamapita ku opaleshoni ina iliyonse, ngakhale ya chophukacho, auze wogonetsa, chifukwa mankhwala ogonetsa ndi opha ululu amphamvu amatha kumutsekera khosi akatuluka m'fiyeta.

Achimwene sindinawayankhe pa WhatsApp, ndinapita kunyumba kwawo Lamlungu titaweruka kutchalitchi. Alamu anali atawajambula pafoni mausiku atatu, monga ndinawapempha, ndipo tinaonera limodzi. Pamene chifuwa chinkakoka mpweya osalowa, achimwene anagwira pakamwa. "Ndine ameneyu?" anafunsa kawiri. Tinabwereka tepi kwa telala woyandikana nawo n'kuwayeza khosi: masentimita 45, pomwe madokotala amayamba kukayikira likapitirira 40. Nditawaunika kukhosi ndi tochi ya foni, ma tonsils anali pafupi kugundana pakati.

Kavidiyo ka alamu ndi kamene anakaonetsa kuchipatala, ndipo kalata yopita kwa akatswiri a khosi anawalembera. Kuseri kwa kabuku kawo analemba okha mafunso oti akafunse: ndimabanika kangati pa ola, pakutsekeka ndi pati, mukandichita opaleshoni mudzandiyezanso liti. Mowa wa Loweruka anausiya, ndipo ulendo wa m'bandakucha anaupereka kwa dalaivala mnzawo mpaka atamva zotsatira. Tsiku lopita ku Blantyre akwera ngati pasinjala, alamu ali pambali pawo ndi foni ija m'chikwama.